Mmene Mungafufuzire Mauthenga Ochenjeza Osadziwika Gwero pa pfSense ndi OPNsense

Munthu amene wangoika pfSense kapena OPNsense pa kompyuta kuti ikhale firewall, ndiko kuti mlonda wa netiweki ya ofesi, amadzidzimuka tsiku loyamba limene watsegula kaundula wa zochitika. Intaneti ikuyenda bwinobwino, palibe amene wabwera kudzadandaula, koma tsamba ladzaza mizere yotchula arp, llinfo, dpinger ndi Default deny, ndipo ina ikubwerezedwa mphindi iliyonse. Mapulogalamu awiriwa ndi pachibale. pfSense inayamba mu 2004 kuchokera ku m0n0wall, ndipo OPNsense inapatuka ku pfSense kumayambiriro kwa 2015 m'manja mwa kampani ya Deciso ya ku Netherlands. Onse awiri anamangidwa pa FreeBSD ndipo amasefa mapaketi, tizidutswa ta uthenga toyenda pa netiweki, ndi pulogalamu ya pf, imene inabadwira ku OpenBSD mu 2001. Mbiri imeneyi ili ndi ntchito pano, chifukwa mauthenga ambiri amene amazunguza anthu amachokera ku kernel, phata lenileni la FreeBSD, imene imalankhula mwachidule ngati kuti womvetserayo ndi wakwawo. Kawirikawiri firewall imakhala ilibe vuto lililonse, imangochitira umboni zimene yaona zikuchitika pa waya, ndipo ntchito yanu ndi kupeza chipangizo chimene ikuchineneracho.

Choyamba: sungani umboni musanakhudze kalikonse

Musanasinthe ngakhale kabokosi kamodzi, tsitsani fayilo ya makonzedwe a firewall yanu. Pa pfSense pitani ku Diagnostics kenako Backup & Restore, ndipo pa OPNsense pitani ku System, Configuration, Backups. Mukatero, tsegulani kaundula, yemwe pa pfSense ali ku Status kenako System Logs, pamene pa OPNsense ali ku System, Log Files, General. Koperani mzere wonse wa uthengawo monga ulili, pamodzi ndi nthawi yake ndi mizere isanu kapena khumi ya pamwamba pake, chifukwa chimene chinayambitsa nkhani chimakonda kukhala pamwambapo. Onaninso ngati wotchi ya firewall ili yolondola ndipo chigawo cha nthawi chinasankhidwa bwino. Ngati yatsalira ndi maola awiri, mudzakhala mukufunsa anthu za zimene zinachitika nthawi ya 10 koloko pamene vutolo linachitika masana enieni.

Lembani pambali mayankho a mafunso atatu: uthengawu unayamba liti, umabwera motalikirana bwanji, ndipo n'chiyani chinasintha tsiku limenelo. Uthenga wobwera m'mawa uliwonse anthu akamalowa mu ofesi ukunena za foni ndi malaputopu. Wobwera magetsi akangoyaka atathima ukunena za zipangizo zimene zikudzuka mosatsatana bwino. Wobwera usana ndi usiku mosapumira ukunena za chinthu chimene chinalumikizidwa molakwika ndipo chikadali pomwepo.

Chachiwiri: dziwani amene akulankhula ndi khomo limene akunena

Mzere uliwonse uli ndi dzina la pulogalamu imene yaulemba. Mukaona kernel, nkhaniyo ndi ya pansi penipeni, ya makadi a netiweki, zingwe ndi maadiresi. Mukaona dpinger, ndi kapulogalamu kamene kamayesa ngati njira yopita kwa okupatsani intaneti ili yamoyo. Mukaona filterlog, ndi malamulo a firewall amene atsekereza kapena kuloleza paketi. Kumapeto kwa mauthenga ambiri kumakhala dzina la khomo, ndiko kuti khadi la netiweki, ndipo FreeBSD imatcha makomo potsatira dalaivala wake: em ndi igb ndi makadi a Intel, re ndi a Realtek, pamene vtnet ndi khadi la makina ongoyerekezera a mtundu wa KVM. Pitani ku tsamba la Assignments pansi pa Interfaces kuti muone ngati igb0 ndiye WAN, khomo loyang'ana ku intaneti, ndipo igb1 ndiye LAN, khomo loyang'ana m'kati mwa ofesi. Anthu ambiri amataya tsiku lathunthu akufunafuna m'kati mwa ofesi pamene uthengawo ukunena za mbali yakunja.

Chachitatu: uthenga wonena kuti adiresi yasamuka

Uwu ndiwo umabwera kwambiri, ndipo m'pofunika kuukhalira pansi. Umaoneka chonchi:

arp: 192.168.1.150 moved from 00:1b:21:3a:4f:10 to 6a:5c:90:7e:02:e5 on igb1

Chipangizo chilichonse pa netiweki chili ndi maadiresi awiri. Ya IP ili ngati nambala ya nyumba, imene ingathe kusintha mwini, pamene ya MAC ili ngati dzina la munthu wokhalamo. ARP, yomwe inalongosoledwa mu 1982 m'chikalata cha RFC 826, ndi njira yofunsira mofuula kuti, kodi nambala yakutiyakuti ndi ya yani? Amene wayankha amakhulupiriridwa popanda kumufunsa chiphaso. Firewall imasunga yankholo, pa FreeBSD kwa masekondi 1200 ngati simunasinthe, ndipo wina akabwera kudzanena kuti nambala yomweyo ndi yake, kernel imalemba mzere uli pamwambawo. Choncho uthengawu ukungonena kuti maina awiri akulimbirana nambala imodzi.

Yambani ndi kuwerenga maadiresi awiri a MAC. Magawo atatu oyambirira amaperekedwa ndi bungwe la IEEE kwa kampani yopanga chipangizocho, ndipo mungawafufuze m'kaundula wa magawo amenewa, wotchedwa OUI, amene ali poyera pa intaneti. Mwachitsanzo, 00:1b:21 ndi Intel, b8:27:eb ndi Raspberry Pi, 00:0c:29 ndi VMware, ndipo 08:00:27 ndi VirtualBox. Kenako yang'anani chilembo chachiwiri cha adiresiyo. Chikakhala 2, 6, a kapena e, adiresiyo sinachokere ku fakitale, chipangizocho chadzipangira chokha, monga momwe mafoni a masiku ano a Android ndi iPhone amachitira pofuna kuti asamalondoledwe. M'chitsanzo chathu, 6a ikutiuza kuti wolowererayo mwina ndi foni, ndipo kufufuza dzina la kampani yake n'kungotaya nthawi.

Tsopano tsegulani mndandanda wa maadiresi amene DHCP, ntchito yogawira zipangizo maadiresi a IP yokha, yabwereketsa, womwe pa pfSense uli ku Status kenako DHCP Leases, ndipo pa OPNsense uli pansi pa Services. Ngati 192.168.1.150 yalembedwa kuti inaperekedwa kwa foni ija, ndiye kuti chipangizo chinacho chinapatsidwa nambalayi pamanja ndi munthu amene sanaone kuti ili m'kati mwa dziwe la DHCP, ndiko kuti manambala amene DHCP imagawa. pfSense ikangoikidwa kumene imagawa kuyambira 192.168.1.100 mpaka 192.168.1.199, ndipo wobwera kudzaika pirinta kapena makina ojambula a makamera amakonda kusankha nambala yosavuta kukumbukira ngati 100 kapena 150. Chipangizocho chikazima usiku, m'mawa foni ya munthu wolawirira imatenga nambalayo, ndipo kenako mumamva kuti pirinta ikumagwira ntchito ikafuna. Mankhwala ake ndi kusamutsira chipangizocho ku nambala ya kunja kwa dziwe, kapena, chimene ine ndimakonda, kuchibwezera pa DHCP n'kuchisungira nambala yokhazikika pa firewall pomwepo, kuti maadiresi onse azilembedwa malo amodzi.

Ngati mndandanda wa DHCP sunakupatseni yankho, mverani nokha zimene zikunenedwa pa waya. Lowani pa console kapena kudzera pa SSH, sankhani nambala 8 kuti mupeze shell, malo olemberapo malamulo, ndipo lembani:

tcpdump -eni igb1 arp and host 192.168.1.150

Chilembo e chimachititsa kuti maadiresi a MAC a wotumiza ndi wolandira aoneke. Isiyeni kwa mphindi zingapo, ndipo pa shell ina ya firewall yomweyo lembani arp -d 192.168.1.150, kenako yesani ping, kauthenga koyesera ngati chipangizo chikuyankha, ku nambala yomweyo. Mukaona mayankho awiri a is-at ochokera ku maadiresi osiyana pa funso limodzi, mkanganowo ukuchitika panopa. Amene sakonda shell angachite zomwezi pa tsamba la Packet Capture, lomwe lili pansi pa Diagnostics, n'kutsegula fayiloyo ndi Wireshark.

Pali nthawi zina pamene kusamukaku kulibe choipa. Seva yokhala ndi makadi awiri omangidwa pamodzi imatha kuyankha ndi khadi ili kenako ndi linzake. Kompyuta ya Linux yolumikizidwa ndi chingwe komanso Wi-Fi pa netiweki imodzi imayankha funso la ARP pa makomo onse awiri, pokhapokha mutaika arp_ignore pa 1 ndi arp_announce pa 2. Zipangizo za Apple zili ndi Bonjour Sleep Proxy, imene imalola Apple TV kuyankha m'malo mwa Mac imene yagona, kotero nambala imapita kwa woyankhira mnzakeyo n'kubwerera Mac ikadzuka. Tizipangizo tambiri totalikitsa Wi-Fi timasinthanso adiresi ya MAC ya aliyense wodutsira mwa ito, ndiye munthu akamayenda ndi foni kuchoka kuchipinda china kupita kwina, firewall imalemba kuti wasamuka. Chizindikiro cha zonsezi n'chakuti maadiresi awiri omwewo amangosinthana, ndipo mukawalondola mumapeza kuti onse ndi a mwini mmodzi.

Chimene muyenera kuchiopa n'chosiyana. Lembani arp -an ndipo muone ngati adiresi imodzi ya MAC, ya kompyuta wamba, yaima pa manambala ambiri, makamaka a seva zofunika. Ngati si kachipangizo kotalikitsa Wi-Fi, n'kutheka kuti kompyutayo ikunamiza anzake kuti mapaketi awo azidutsira kwa iyo. Ichotseni pa netiweki kaye, mafunso abwere pambuyo.

Kuti mupeze pamene chipangizo chili, swichi yoyendetsedwa imakuuzani yokha. Pa Cisco mumalemba show mac address-table address n'kutsatiza adiresiyo, ndipo swichi za makampani ena zili ndi tsamba lofanana nalo. Ngati swichi yanu ndi yosayendetsedwa, palibe njira yachidule: siyani tcpdump ikuyenda, ndipo zulani zingwe chimodzichimodzi mpaka yankho lachiwiri litasiya. Chitani zimenezi nthawi ya nkhomaliro kapena anthu ataweruka.

Chachinayi: wina akamagwiritsa ntchito adiresi ya firewall yeniyeniyo

arp: 9c:3d:11:08:ab:42 is using my IP address 192.168.1.1 on igb1!

Uthenga uwu, wokhala ndi chizindikiro chofuula kumapeto, musaugoneke. pfSense ndi OPNsense zimayamba ndi 192.168.1.1 pa LAN, ndipo marauta ambiri ang'onoang'ono ogulidwa m'sitolo amabwera ndi nambala yomweyo. Pa ofesi ina imene ndinkathandiza, intaneti inkadukaduka kwa anthu ena okha, ena osaona vuto konse. Titalondola chingwe tinapeza karauta koyera kuseri kwa kabati ya mafayilo, kali ndi fumbi, magetsi ake obiriwira akuphethira. Wina anakabweretsa kuchokera kunyumba kuti Wi-Fi izifika kuchipinda chake, n'kulowetsa chingwe cha ofesi m'bowo la LAN la karautako. Kuyambira pamenepo kankayankha kuti iko ndiko 192.168.1.1, ndipo kankagawanso maadiresi, moti aliyense amene kanamufikira msanga ankatumiza mapaketi ake kumalo kopanda potulukira.

Kuti mutsimikize ngati pali wogawa maadiresi wachiwiri, lembani tcpdump -eni igb1 port 67 or port 68, kenako zimitsani ndi kuyatsa Wi-Fi pa foni imodzi. Yankho liyenera kuchokera ku adiresi ya MAC ya firewall yokha, imene mungaione polemba ifconfig igb1. Dziwani kuti yankho la rauta yobisikayo nthawi zina limapita molunjika kwa foni osafika pa firewall, choncho ngati simunaone kanthu, bwerezani kuyesaku muli pa laputopu yokhala ndi Wireshark. Mukakapeza karautako, simuyenera kukataya: zimitsani DHCP yake, kapatseni nambala ina ya kunja kwa dziwe, ndipo kadzagwira ntchito yofalitsa Wi-Fi popanda kusokoneza. Ndi nzerunso kusamutsa LAN yanu kuchoka pa 192.168.1.0 ndi 192.168.0.0 kupita ku nambala imene zipangizo za m'sitolo sizibwera nayo.

Ngati muli ndi ma firewall awiri ogwirizana kudzera pa CARP, njira yoti imodzi izilowa m'malo mwa inzake ikagwa, adiresi yoyamba ndi 00:00:5e:00:01 ndi yawo yogawana. Mukaiona m'mauthenga otere, onani ngati onse awiri sakudziyesa MASTER nthawi imodzi, kapena ngati nambala ya gulu lawo, VHID, sikufanana ndi ya zipangizo zina za VRRP, njira ina yofanana ndi CARP, pa waya womwewo.

Chachisanu: yankho lobwera pa khomo lolakwika

Uthenga wa mtundu wa is on igb1 but got reply from, wotchula khomo lina kumapeto, umatanthauza kuti makomo awiri amene anayenera kukhala osiyana akumvana. Mwina zingwe za makomo onse awiri zalowa mu swichi imodzi yopanda VLAN, njira yogawira swichi m'magulu osamvana, mwina poti ina ya swichi inaikidwa mu VLAN yolakwika. Londolani zingwezo ndi dzanja. Apa kutseka uthengawo n'koopsa kwambiri, chifukwa malamulo amene munalemba olekanitsa alendo ndi antchito sakuteteza kanthu ngati magulu awiriwo akukumana kale pa swichi, kumbuyo kwa firewall.

Chachisanu ndi chimodzi: mauthenga a mbali ya WAN

arpresolve: can't allocate llinfo for 203.0.113.1 on igb0

Apa kernel ikunena kuti yauzidwa kutumiza mapaketi ku gateway, rauta yotulukira kunja, imene sili m'gulu la maadiresi a khomolo. Zimachitika kwambiri WAN ikataya adiresi yake, kapena ikalandira yatsopano pamene njira yakale ikadali m'tebulo. Yerekezani zimene ifconfig igb0 ikuonetsa ndi zimene netstat -rn ikunena pa mzere wa default. Kumalo kumene magetsi amathimathima, firewall imatha kudzuka msanga kuposa modemu, ndipo mamodemu ena akakhala asanalumikizike amabwereketsa kaye adiresi ya 192.168.100.x, imene firewall imaigwira n'kukhala nayo. pfSense ili ndi malo otchedwa Reject leases from pa tsamba la WAN, pamene mungalembe 192.168.100.1 kuti izikana zimenezi. Kuika modemu ndi firewall pa UPS imodzi, batire losunga magetsi akathima, kumachotsa gawo lalikulu la mauthenga amenewa.

dpinger imatumiza ping mosalekeza, pa pfSense kawiri pa sekondi, ndipo imaweruza motsatira malire awa ngati simunawasinthe: kuchedwa kwa mamilisekondi 200 kapena kutayika kwa mapaketi 10 pa 100 ndi chenjezo, pamene 500 kapena 20 pa 100 ndiye kuti njirayo yagwa. Nambala yotsatira mawu akuti sendto error ndi ya FreeBSD: 64 ikutanthauza kuti wofunidwayo sakuyankha pa waya, 65 kuti palibe njira yomufikira, ndipo 55 kuti malo osungira mapaketi odikira adzaza, zomwe zimaoneka pamene mzere wathina kapena khadi lakakamira. Musathamangire kukweza malirewo. Onani kaye amene akuyesedwa, chifukwa marauta ena a makampani a intaneti amayankha ping mochedwa dala pamene mapaketi enieni akudutsa bwino. Ikani adiresi ina yodalirika pa Monitor IP, monga 1.1.1.1 kapena 9.9.9.9, ndipo muone ngati machenjezo apitirira. Amene amalandira intaneti ya pa foni kapena ya setilaiti ya kutali ndi amene ali ndi chifukwa chenicheni chokwezera malire, popeza kuchedwa n'chibadwa cha mzere wawo.

Mukaona link state changed to DOWN kenako UP mobwerezabwereza, nkhaniyo ndi ya chingwe, poti kapena khadi. Lembani netstat -i ndi kuyang'ana Ierrs ndi Oerrs, sinthani chingwe, kenako poti, chimodzi pa nthawi. Makadi a Realtek ali ndi mbiri yovutitsa pa FreeBSD katundu akachuluka, ndipo khadi la Intel logwiritsidwapo kale ntchito limathetsa zambiri. Pa makina ongoyerekezera okhala ndi vtnet, onetsetsani kuti hardware checksum offload ndi yozimitsidwa.

Chachisanu ndi chiwiri: mizere ya Default deny ndi ya Limiting

Lamulo lomaliza la firewall limatsekereza chilichonse chimene sichinaloledwe, ndipo pa WAN kugogoda kwa alendo sikutha usana ndi usiku. Chimene chimadabwitsa ndi kuona paketi ya ku LAN itatsekerezedwa pamene pali lamulo lololeza zonse. Yang'anani zilembo zotsatira TCP. Mukaona FA, RA kapena PA apo ndi apo, ndi mapaketi otsanzikana amene afika pf itatseka kale kukambiranako, ndipo palibe amene wavulala. Mukaona SA kapena A zambiri, pamodzi ndi madandaulo akuti kulumikizana kumaduka pakapita kanthawi, ndiye kuti mapaketi akupita njira ina n'kubwerera ina, zomwe zimachitika pakakhala rauta yachiwiri pa LAN. Ngati WAN yanu imalandira adiresi ya m'nyumba kuchokera ku rauta ya okupatsani intaneti, kapena ya pakati pa 100.64.0.0 ndi 100.127.255.255 monga amachitira Starlink ndi makampani ambiri a mafoni, mabokosi a Block private networks ndi Block bogon networks angadzaze kaundula ndi mizere yosathandiza, choncho ganizirani ngati akuyenera pa khomo limenelo.

Uthenga wa Limiting closed port RST response kapena Limiting icmp unreach response umanena kuti kernel yachepetsa mayankho ake kufika pafupifupi 200 pa sekondi, malire a net.inet.icmp.icmplim. Wina akugogoda mapoti otseka mofulumira. Nthawi zambiri ndi pulogalamu yanu yomwe yofufuza netiweki, kapena makompyuta ambiri akufunsa DNS, ntchito yomasulira maina kukhala maadiresi, pa firewall pamene ntchito ya DNS yaima. Gwirani mapaketi pa nthawi yomweyo kuti muone wogogodayo, ndipo malirewo asiyeni mmene alili.

Chomaliza: kutseka uthenga umene mwaumvetsa

Mukatsimikiza kuti kusamuka kwa ARP kukuchokera ku seva ya makadi awiri kapena ku Apple TV, mungautseke kuti usakwirire mauthenga ena. Pa pfSense kabokosi ka Suppress ARP messages kali ku System, Advanced, Networking, ndipo pa OPNsense kali ku Interfaces kenako Settings. Kumbuyo kwake kamasintha net.link.ether.inet.log_arp_movements ndi net.link.ether.inet.log_arp_wrong_iface. Kumbukirani kuti kabokosika sikasankha, kamatseka pakamwa pa makomo onse, kotero mkangano weniweni wa pirinta ndi foni umene udzabwere mwezi wamawa simudzauona m'kaundula. N'chifukwa chake ine ndimaika chizindikiro m'kabokosika pokhapokha ngati gwero la phokosolo silingakonzeke. Za Default deny pali njira yofatsa: lembani lamulo lotsekereza phokoso lodziwika lokhalo popanda kulilemba m'kaundula, ndipo lamulo lomaliza lipitirize kulemba zotsalazo. Pa malo ofotokozera lamulo latsopanolo lembani tsiku, chipangizo chimene chinkasokosa ndi adiresi yake ya MAC, kenako tsitsaninso fayilo ya makonzedwe n'kuisunga pambali pa ija munatsitsa poyamba.